Kochi ali ngati siginala

Tsiku lina m'mawa ndikudikira usipa pagombe la Makawa, alovi awiri ankakangana za mpira. Mmodzi anandiponyera funso: "Akuluakulu, kochi angasiye bwanji timu yomwe wangoipatsa chikho n'kupita kwa adani ake?"

Kunena zoona, nanenso ndinkati ndi dyera basi. Peter Mponda atatenga ligi ndi Silver Strikers mu 2024 n'kubwerera ku Bullets mu 2025, ndinangoti kukamwa yasa.

Koma yankho lili pagombe pomwepo. Mwini chilimira aliyense amafuna siginala wodziwa komwe usipa wagona. Akamakola bwino, eni maukonde ena amayamba kumunong'oneza. Ngati anadya kale ndalama za bwana wake, womufunayo abweze kaye. Kontrakiti ya kochi ndi chimodzimodzi: ikatha amachoka popanda mlandu, isanathe matimu awiriwo amakambirana za chipukuta misozi. N'chifukwa chake mphekesera zimatentha ligi ikamatha, matimu akamapanga mapulani a chaka chamawa.

Tisaiwalenso kuti ku Bullets Mponda ndi mwana wapakhomo, anakhalapo kaputeni kumeneko. Mpando wa kochi nawo unali wopanda mwini, Kalisto Pasuwa atachoka.