KUKWERA NDI KUTSIKA M'LIGI ZA ATSIKANA ATHU

Pa 31 Julaye caka ca 2023, mu mzinda wa Hamilton ku New Zealand, atsikana a Copper Queens anagonjetsa Costa Rica ndi zigoli 3 kwa 1. Kuno kwathu unali m'mawa wa tsiku Lolemba, ndipo ambiri anayamba aimika nchito zao kuti amvere pa wailesi kapena aonere pa kanema. Lushomo Mweemba ndiye anayamba kugoletsa, Barbra Banda anatsatira ndi cigoli cimene cinakwanitsa 1,000 m'mbiri ya cikhoco, ndipo Racheal Kundananji anatsekera masewera ali pafupi kutha. Anyamata a Chipolopolo, ngakhale anatenga cikho ca Africa mu 2012, sanafikepo pa Cikho ca Dziko Lonse. Atsikanawa ndiwo anatifikitsako.

Komatu ambiri amene anaomba m'manja tsiku lija sadziwa kumene mpira wa atsikana umamera. Umamera m'ligi za m'zigawo, pa mabwalo a fumbi a m'masukulu ndi m'makomboni, kumene kulibe mipando ya oonerera, ndipo nthawi zina ngakhale ukonde wa pagolo kulibe. Mwezi uno tifuna tiyende nanu, awerengi athu, m'caka cimodzi ca ligi yotere. Maso athu akhala makamaka kumunsi kwa ndandanda ya matimu, pakuti kumeneko ndiko kuli nkhani imene ikhudza mabanja athu.

LIGI IMAYENDA BWANJI?

Mpikisano wa cikho ndi wa tsiku limodzi: wagonja lero, watuluka. Ligi ndi ina. Timu iliyonse imakumana ndi inzace iliyonse kawiri, kamodzi pabwalo lakwao ndi kamodzi koyenda. Yopambana imalandira mapointi 3, zikafanana mphamvu iliyonse imatenga 1, yogonja imabwerera cimanjamanja. Ngati m'ligi muli matimu 12, ndiye kuti iliyonse idzasewera ka 22, ndipo ka 11 idzayenera kupeza galimoto. Matimu awiri akalingana mapointi, amawerenga kusiyana kwa zigoli zimene timu inamwetsa ndi zimene inamwetsedwa. Pakutha pa caka, okhala pamwamba amakwera kupita ku ligi yokulirapo, okhala pansi amatsika, ndipo malo ao amatengedwa ndi ena ocokera kumunsi.

Mwambo wa kukwera ndi kutsikawu unayambira ku England m'zaka za m'ma 1890. Tingochulako kuti ku England komweko, bungwe loyendetsa mpira linaletsa akazi kusewera pa mabwalo ace kuyambira 1921 mpaka 1971, zaka 50 zathunthu. Tsono amene amati mpira wa akazi ndi mwambo wa Azungu adziwe kuti Azunguwo anaukana nthawi yaitali ndithu.

Kwathu kuno mpira uli m'manja mwa bungwe la FAZ. Kwa zaka zambiri ligi za akazi zamphamvu zinali za ku Lusaka ndi ku Copperbelt cabe, kufikira mu 2021 pamene ligi ya dziko lonse inakhazikitsidwa. Pansi pace pali ligi za m'zigawo, ndipo kawirikawiri kupambana m'cigawo sikukwanira ai: opambanawo amakakumananso okhaokha kulimbirana malo ocepa amene ali pamwamba.

Tayang'anani maina amene akhala akumveka pamwambapo. Green Buffaloes ndi timu ya asilikali a Zambia Army. Red Arrows ndi ya asilikali a ndege. ZESCO Ndola Girls ili ndi kampani ya magetsi kumbuyo kwace, ndipo Indeni Roses inaleredwa ndi kampani ya mafuta ya ku Ndola. Barbra Banda anadzera ku Green Buffaloes asanapite ku Spain mu 2018, Kundananji anadzera ku Indeni Roses. Mu 2022 Green Buffaloes inagonjetsa Mamelodi Sundowns ya ku South Africa ndi kutenga cikho ca matimu a cigawo ca COSAFA. Sitikupeputsa luso lao, pakuti ndi akatswiri enieni. Koma matimu otere ali ndi basi, ali ndi kopeza mankhwala, ndipo wosewera akadzuka m'mawa amadziwa kuti adya.

Timu ya m'cigawo ilibe zonsezi. Mwini wace mwina ndi mphunzitsi wa pa sekondale amene amadula pa malipiro ace, mwina ndi wa sitolo wa pa boma, mwina ndi gulu la acinyamata a pa parishi. Osewera ace ndi ana a sukulu, ogulitsa tomato pamsika, ndi amai acicepere amene amasiya khanda m'manja mwa mng'ono wao pambali pa bwalo.

CAKA CA MVULA NDI MAYESO

Kuyambira mu 2019, FAZ inasintha nyengo ya ligi zace zazikulu kuti ziziyamba ca m'ma Ogasiti ndi kutha ca m'ma Meyi, mogwirizana ndi mipikisano ya Africa. Ligi imene itsata kalendala yotere imadutsa m'kati mwenimweni mwa dzinja, ndipo wa kumudzi aliyense adziwa tanthauzo lace.

Poyamba zonse zimayenda bwino. Misewu ndi youma, cakudya cikalipo m'nkhokwe, jezi ndi zatsopano, ndipo timu iliyonse imalota zokwera. Kenaka kumabwera kutentha kwa Okutobala pamodzi ndi mayeso a boma. Mtsikana wa Giredi 12 sangapite ku masewera a kutali Loweruka pamene Lolemba alemba masamu, ndipo kholo limene limletsa silinalakwe. Mvula ikagwa, manja onse amafunika kumunda: kubzala, kupalira, kuthira feteleza. Bwalo limamera udzu kapena limasanduka dambo. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya njala m'nyumba zambiri, makamaka caka cikakhala ngati ca 2024, pamene cilala cinacititsa boma kulengeza kuti dziko lili pa tsoka. Kuthamanga mphindi 90 utangomwa phala la madzimadzi si nchito yamasewera.

Cimene cimagwetsa matimu ambiri ndi ulendo. Titenge citsanzo ca cigawo ca Kum'mawa. Timu yocokera ku Lundazi yopita ku Petauke iyenera kudzera ku Chipata, mtunda woposa makilomita 300 kupita kokha. Minibasi ya anthu pafupifupi 20, mafuta, cakudya ca panjira, mwinanso pogona: ndalama zimenezi zimacokera m'thumba la munthu mmodzi kapena awiri. Tsiku limafika loti thumba lauma. Lamulo la mpira pa nkhaniyi ndi louma: timu imene siinafike pabwalo imawerengedwa kuti yagonja 3 kwa 0. Ikalephera maulendo atatu, yataya mwai wa mapointi 9 ndipo yalembedwa zigoli 9 zimene wa pagolo wace sanazione n'komwe. M'ligi yaing'ono, zimenezo zokha zingathe kusiyanitsa timu yotsala ndi timu yotsika.

Cifukwa cace tikamawerenga ndandanda pakutha pa caka, tisafulumire kunena kuti okhala pansiwo sadziwa mpira. Ena ndithu anacepa luso. Koma ena anagonja ndi mtengo wa dizilo.

OSEWERA AMENE AMASOWA PAKATI PA CAKA

Timu ya anyamata imayamba caka ndi osewera 25 ndipo ambiri amafika nao kumapeto. Timu ya atsikana imathothoka ngati cimanga ca m'nkhokwe yoboola. Wina watenga pakati. Wina akwatiwa, ndipo mwamuna wanena kuti mkazi wace sabvala kabudula pagulu. Wina makolo amtumiza kwa azakhali ku tauni kukagwira nchito ya m'nyumba. Amene waonetsa luso kwambiri, matimu akuluakulu amamuona ndi kumtenga.

Malamulo a dziko ayesako kuteteza mtsikana. Kuyambira mu 1997, mtsikana amene wabereka amaloledwa kubwerera ku sukulu, ndipo mu Disembala 2023 lamulo la ukwati linasinthidwa kotero kuti ukwati wa mwana wosakwana zaka 18 ndi wosabvomerezeka, ngakhale ukhale wa cikhalidwe ca makolo. Sitinena kuti mpira ndi mankhwala a ukwati wa ana. Tingoona kuti mtsikana amene ali ndi anzace omudikira pabwalo madzulo alionse, ndi mphunzitsi amene amafunsa za lipoti lace la ku sukulu, ali ndi anthu ambiri amene adzazindikira tsiku limene wasowa.

Nkhawa za makolo nazo tizimve bwino, pakuti si zaumbuli. Mwana wamkazi acoka m'bandakuca ndi amuna amene banja siliwadziwa, abwera pakati pa usiku. Mphunzitsi wa timu ndiye amasankha wosewera ndi wokhala pabenci, ndipo mphamvu yotere pa mwana wa zaka 15 munthu woipa mtima angathe kuigwiritsa nchito moipa. Kuletsa mwanayo n'kosabvuta, koma pali njira yoposa pamenepo. Timu iliyonse ikhale ndi mai wamkulu wodziwika m'mudzi amene ayenda ndi atsikana paulendo uliwonse, makolo adziwe dzina la mphunzitsi ndi kumene akhala, ndipo mtsikana adziwe munthu amene angamuuze cinthu cikamubvuta popanda kuopa kucotsedwa m'timu. Amai a m'mabungwe a pa parishi amene amasamala bwino atsikana a Stella pa maulendo ao adziwa kale nchito imeneyi. Nkhani ya masewera a pa Sondo nayo imatha ndi kukambirana: mpira wa masana sulimbana ndi Misa ya m'mawa, pokhapokha ulendo ukakhala wautali.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Nanga timu imene yakwera? Tsiku limenelo boma lonse limabvina, atsikana amanyamulidwa pa lole kuzungulira msika. Patapita milungu yocepa, kalata ya ndandanda ya masewera atsopano imafika, ndipo eni timu amakhala pansi ndi pensulo. Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita oposa 550, kuoloka mlatho wa Luangwa ndi kukwera mapiri a ku Rufunsa. Kufika ku Ndola muonjezepo ena oposa 300. Ulendo umene unali wa tsiku limodzi tsopano ndi wa masiku atatu, ndipo ukubwera mlungu uno, kupuma, mlungu winawo. Amene akumana nao ndi atsikana odya bwino, ocita masewera olimbitsa thupi tsiku ndi tsiku. Osewera awiri kapena atatu amene anakweza timu, maso a matimu olemera ali kale pa iwo.

Motero si cacilendo kuona timu yokwera caka cino ikutsika caka camawa. Coopsa cili pa kutsikako. Timu ya amuna ikatsika, ocemerera amadandaula koma timu imakhalapo. Timu ya atsikana kawirikawiri imangomwazika: wothandiza uja watopa, ngongole ya minibasi yatsala, jezi zagawanidwa, ndipo mwana wa zaka 12 amene ankatola mpira kuseri kwa golo alibenso poyang'ana.

Ena amati, bwanji osangothetsa kutsika? Ku America, kumene Barbra Banda anathandiza Orlando Pride kutenga cikho mu 2024, ndi kumene Bay FC inagula Kundananji mu Febuluwale caka comweco pa mtengo umene panthawiyo unali waukulu koposa m'mbiri ya mpira wa akazi, ligi yao ilibe kukwera kapena kutsika. Timu yatsopano imalowa pogula malo ndi ndalama zambirimbiri. Ife maganizo amenewa sitigwirizana nao. Ligi yotseka citseko ikadakhala kwathu, timu ya ku Katete kapena ku Chadiza siikadalota n'komwe zokakumana ndi Green Buffaloes. Ndiponso kuopa kutsika ndiko kumapatsa moyo masewera a matimu a pansi: popanda iko, amene ali pa nambala 11 angabvutikirenji mwezi wa Epulo?

Cofunika kukonza ndi mtolo umene makwererowa amasenzetsa osauka. Cigawo cacikulu cingagawidwe m'magulu a maboma oyandikana, kuti ulendo wautali ukhale wa kumapeto kokha. Masewera a mwezi wa mayeso angasunthidwe. Ndipo pali cinthu cina cimene eni matimu ang'onoang'ono ambiri sacisamala, ndico kulembetsa osewera m'kaundula wa FAZ. Malamulo a FIFA amanena kuti wosewera akagulidwa kucoka ku timu ya dziko lina kupita ku ya dziko lina, magawo 5 pa 100 alionse a mtengowo agawidwe kwa matimu amene anamlera kuyambira ali ndi zaka 12 kufikira 23. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukacenjera manja udya naye. Koma timu imene siinalembetse mwanayo ilibe umboni wakuti inamlera, ndipo siidzaona ngakhale ngwee imodzi.

Tsiku lotsiriza la ligi, kaya mu Meyi kapena mwezi wina, matimu awiri a pansi amasewera pa mabwalo osiyana, aliyense khutu lili ku foni kumvera za mnzace. Woyimbira akaliza wezulo yomariza, imodzi yatsala, ina yatsika. Za yotsikayo sizilembedwa m'nyuzipepala. Ngati idzaonekanso caka cotsatira, zimagamulidwa m'milungu ya cisanu ya Juni ndi Julaye, pa msonkhano wa makolo pansi pa mtengo wa mango, pamene mlembi amawerenga ngongole ya minibasi ndi kufunsa amene ali okonzeka kusonkha ndalama yolembetsera.