Mayi Akamasowa Tulo, Si Ufiti

Anzanga, mwina kwanu kuli mayi kapena azakhali a zaka za pakati pa 45 ndi 55 amene amadzidzimuka pakati pa usiku thukuta lili kamukamu, n'kukakhala pakhonde mpaka tambala woyamba. Ena amayamba kunong'onezana zaufiti. Ayi ndithu, ndi thupi chabe.

Mkati mwa ubongo muli kachiwalo kakang'ono ngati njere ya mpunga, dzina lake pineal gland. Kunja kukada, kamatulutsa homoni yotchedwa melatonin, yomwe imauza thupi kuti nthawi yogona yakwana. Munthu akamakula, melatonin imachepa. Kwa amayi, zimenezi zimakumana ndi nthawi yosiya kusamba, pomwe homoni ina, estrogen, imatsikanso n'kubweretsa kutentha thupi kwadzidzidzi. Onjezanipo chifundizi cha Okutobala m'nyumba yamalata, komanso kulawirira kukathirira nazale ya fodya. Tulo tichokera kuti?

Kuwala kumachedwetsa melatonin. Ndiye inu owerenga ndi getsi la sola mpaka 11 koloko pafupi ndi pogona mayi, sunthirani kwina kapena zimitsani msanga. Tiyi wausiku nayenso amathamangitsa tulo. Mapiritsi a melatonin alipo, koma si mankhwala a thukutalo. Vutoli likapitirira, aperekezeni mayi ku Santhe Health Centre akafunse.