Mfuti ya Keyala: Yaitali ndi Yaifupi

Anyamata a ku Nkhamenya akamavina mganda, atandandalika m'mizere ndi kuponda pamodzi, amakumbutsa perete wa asilikali a King's African Rifles, amene makolo ankawatchula kuti a Keyala. Asilikali amenewa anamenya nkhondo ku Burma m'chaka cha 1944, ndiponso m'nkhalango za ku Malaya kuyambira 1952. Mfuti yodziwika ya ankhondo a Britain m'masiku amenewo inali Lee-Enfield, yolowa zipolopolo 10 za .303, ndipo inalipo yaitali ndi yaifupi.

Yaitali, yotchedwa No. 4, inali ya mainchesi 44 ndipo inkalemera pafupifupi mapaundi 9. Mpope wake wa mainchesi 25 unkaongola chipolopolo bwino, kotero kuti choyang'anira chake chinalembedwa kufikira mayadi 1,300. Pa chigwa choyera ngati cha Kasungu, mfuti yotere ndiyo yoyenera. Koma m'nkhalango yowirira inkakola m'ziyangoyango ndi kutopetsa msilikali woyenda m'matope tsiku lonse.

Pa chifukwa chimenechi, mu 1944 anayamba kupanga yaifupi, No. 5, imene inatchuka ndi dzina lakuti Jungle Carbine ndipo inagwira ntchito kwambiri ku Malaya. Anaidula mainchesi 5, nasema zitsulo zake zina, mpaka inapepuka ndi mapaundi 2. Komatu kupepukako kunadza ndi mavuto ake. Popeza chipolopolo chinali chomwecho, mfuti yopepuka inkakankha phewa kwambiri ndi kulavula moto kukamwa. N'chifukwa chake anaiikira mphira kuthako ndi kachitsulo konga fanulo kutsogolo. Choyang'anira chake chinalekeza pa mayadi 800. Panamvekanso dandaulo lakuti imasokera: lero ilasa pamene yalozedwa, mawa pambali. Analeka kuipanga mu 1947, pamene yaitali inapitirirabe.

Pambuyo pake, osunga zinthu zakale anayamba kuifunafuna yaifupiyo. Amalonda ena, makamaka ku America, anagula mfuti zazitali zotha ntchito, nazidula ndi kuziveka fanulo kuti zioneke ngati No. 5. Odziwa amazizindikira msanga. Yeniyeni inapangidwa ku Fazakerley kapena ku BSA Shirley, ku England, ndipo ili ndi malo osemedwa pansi pa thabwa ndiponso chibowo pa chogwirira chotsekera chipolopolo. Yongotengera kawirikawiri ilibe malo osemedwawo; kufupika kokha ndiko imafanana nako.

Banja limene likusunga chithunzi cha agogo awo ali ku Keyala likhoza kuyang'anitsitsa kukamwa kwa mfuti yawo: fanulo ikaoneka, imeneyo ndi ya m'nkhalango. Chithunzi n'chosunga, koma mfuti yowomba, kaya yeniyeni kaya yotengera, lamulo la Malawi sililola munthu kukhala nayo popanda chilolezo. Woipeza pakati pa katundu wamasiye akadziwitse apolisi.