Lusaka m'Masiku a Nkhondo

Nkhondo yaikulu yaciwiri inabuka m'mwezi wa September, caka ca 1939. Masiku amenewo dziko la Zambia linali m'manja mwa Angelezi, ndipo dzina lake linali Northern Rhodesia. Lusaka unali mzinda waung'ono, pakuti unali utakhala likulu la Boma zaka zinai zokha. Masitolo anandanda m'mbali mwa Cairo Road pafupi ndi njanji, maofesi a Boma ndi nyumba za Azungu zinali ku Ridgeway, ndipo anchito ambiri aciafirika anali kugona ku Kabwata m'tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu. Kumene kuli Woodlands, Kabulonga ndi Chelstone lero kunali makamaka thengo ndi mapulazi.

Angelezi okhala mu Lusaka mitima yao inali kwao ku Britain, kumene anasiya makolo ndi abale. Kumeneko zinthu zinali zoopsa ndithu. Nkhondo itangoyamba, ana ambirimbiri anacotsedwa m'mizinda yaikulu natumizidwa kumidzi, yense atapacikidwa kapepala ka dzina lake pa malaya. Usiku munthu sanaloledwe kuonetsa kuwala pa zenera, kuopa kulondolera ndege za adani. Kuyambira mu September 1940 ndege za Ajeremani zinaponya mabomba pa London usiku ndi usiku pafupi miyezi iwiri, ndipo anthu ena anali kugona m'masiteshoni a sitima za pansi pa nthaka. Cakudya naco cinali coyeza. Munthu yense anali ndi kabuku koonetsa shuga, nyama ndi mafuta amene analoledwa kugula, ndipo kawirikawiri wamkulu anali kulandira dzira limodzi lokha pa mlungu. Makalata onena zimenezi anali kuyenda milungu yambiri asanafike ku Lusaka, ndipo wolandira kalata anali kuitsegula mtima uli m'mwamba.

Pa Lusaka sipanagwe bomba ngakhale limodzi. Kuno nkhondo inalowera ku sitolo. Zombo zimene kale zinali kubwera ndi nsalu, mabulangete, makasu ndi njinga tsopano zinali kunyamula asilikali ndi zida, ndipo zina zinamizidwa pa nyanja. Katundu anacepa, mitengo nikwera. Petulo anali wocita kuyeza, kotero kuti mwini galimoto anayamba waganiza asanapite ulendo. Akazi a Azungu anali kusonkhana kuluka zobvala za asilikali ndi kusonkha ndalama za nkhondo. Mafumu ndi anthu ao anasonkhanso. Koma kukwera kwa mitengo sikunapweteke onse mofanana. Mzungu anaonjeza ndalama nagula ndithu, pamene wanchito wa ku Kabwata anabwerera kunyumba cimanjamanja, mkazi wake nasokerera cigamba pa cigamba cinzake.

Bvuto loposa linali la cimanga. Boma la Britain linali kugula mkuwa wonse wa dziko lino, cifukwa mkuwa ufunika popanga zipolopolo ndi mawaya. Tsono anthu anaculuka ku migodi, ndipo onsewo anafunika kudya. Anyamata ambiri amphamvu anali atalowa usilikali mu Northern Rhodesia Regiment, ena atapita ku migodi konko, ndipo olima anacepa. Pamwamba pa izi mvula inabvuta, ndipo mu 1942 cimanga cinasowa. Alimi acizungu a m'mbali mwa njanji anadandaula kuti alibe anchito, pakuti malipiro ao anali ocepa ndipo anthu sanafune kupitako. Pamenepo Boma linaika lamulo lotenga amuna m'midzi mokakamiza kuti akalime m'mapulazi. Munthu wotengedwa cotero anasiya munda wake uli ndi udzu, nakalimira wina. Boma linati iyi ndiyo nchito yothandiza nkhondo, koma kumidzi anthu anaicha cibalo.

Cinthu cina cimene nkhondo inabweretsa ndico wailesi. Mphekesera zinali zambiri, ndipo akazi ndi makolo a asilikali anafunitsa kudziwa kumene kunali anthu ao. Cifukwa cake mu 1941 Boma linatsegula kanyumba ka wailesi mu Lusaka, kolankhula m'zinenero za dziko lino. Amene anali ndi wailesi yaoyao anali owerengeka. Ambiri anali kusonkhana madzulo pamene Boma linaika wailesi, namvera pamodzi ali cete. Odziwa kuwerenga anali kugula nyuzi ya Boma ya Mutende, imene inayamba mu 1936, nawerengera anzao mokweza.

Mu 1943 kunafika alendo amene anadabwitsa anthu. Anali ocokera ku Poland, makamaka akazi ndi ana, amene Arasha anawacotsa kwao nawasunga m'misasa yozunzirako anthu, ndipo atamasulidwa anadzera ku Persia asanafike mu Afirika. Boma linawamangira msasa mu Lusaka, ndi ina ku Bwana Mkubwa, ku Abercorn ndi ku Fort Jameson, kumene ndi ku Mbala ndi ku Chipata lero. Anthu anali atazolowera kuti Mzungu ndiye bwana wokhala ndi wophika wake. Tsono anaona Azungu osauka, osadziwa Cingelezi, akudzicapira okha ndi kuweta nkhuku.

Nkhondo inatha ku Ulaya mu May 1945, ndi kum'mawa mu August. Asilikali anabwerako pang'onopang'ono, ena ocokera kutali ku Burma, kumene anamenyana ndi Ajapani m'nkhalango. Tinyumba tambiri ta ku Kabwata tinagwetsedwa pambuyo pake, koma tina tinasungidwa, ndipo lero muli amisiri osema ziboliboli. Mseu wopita pa khomo pao dzina lake ndi Burma Road.