KACHITINI KA AMAYI: TISUNGE KAPENA TIGULITSE?

Alipo mafunso ena amene munthu umayankha mosavuta akagwera banja la mnzako, koma akafika pakhomo pako lilime limalemera. Limodzi mwa mafunso otere ndi ili: kodi zokongoletsera thupi zimene makolo adatisiyira, monga mphete, mikufu, makoza ndi mikanda, tiyenera kuzisunga mpaka kalekale, kapena n'kololedwa kuzigulitsa mavuto akatipanikiza? Ine ndine mphunzitsi wa mbiri yakale pa sukulu ina ya sekondale, ndipo ndakhala ndikuuza ana a m'kalasi mwanga kuti mtundu wotaya zakale zake sudziwa kumene ukupita. M'chaka cha 2025 funsoli lidandipeza ine ndemwe, ndipo ndidaona kuti kulangiza ena n'kopepuka kusiyana ndi kuchita.

Amayi atatisiya, mwambo wa maliro utatha, malume adatiitana ana tonse m'nyumba ya malemuwo kwathu ku Dedza. Pansi pa sutikesi yakale, m'kati mwa chitenje chakutha, mudapezeka kachitini ka mabisiketi kochita dzimbiri m'mbali. Malume atakatsegula tidaonamo mkufu wa golide, ndiko kuti kaunyolo kovala m'khosi, mphete imodzi, makoza awiri a mnyanga wa njovu amene adafiira ndi ukalamba, mphande imodzi, ndi mikanda yoyera yoluka. Tonse tidakhala chete, pakuti chilichonse mwa zinthuzo chinali ndi nkhani yake imene tidaimva tili ana.

Mkufu ndi mphete adagula ndi agogo aamuna, bambo awo a amayi, amene adapita ku Joni ndi Wenela m'zaka za m'ma 1960. Iwo adali mmodzi mwa Amalawi zikwizikwi amene ankatsikira pansi pa nthaka kukakumba golide wa eni, n'kumalandira malipiro ochepa. Njira imeneyi idatsekedwa mu 1974, pamene ndege yonyamula anthu a Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74, boma n'kuletsa kulemba anthu a kumigodi. Agogo adabwera kwawo ndi njinga, wailesi, chifuwa chosapola, ndi mkufu umenewu, umene adaveka mkazi wawo pamaso pa anthu. Njinga idathyoka, wailesi idafa, agogo nawo adatsikira kulichete. Chotsala ndi mkufuwo. Makoza ndi mphande n'zakale koposa: zidachokera kwa agogo awo a amayi, ndipo zakhala zikuyenda kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, monga mwa mwambo wa mbumba yathu.

Pakadapanda vuto, tikadangotseka kachitiniko n'kukapereka kwa achemwali anga aakulu. Koma mlongo wanga wotsiriza, chitsirizira cha amayi, adali atangosankhidwa kumene kukaphunzira za unamwino. Ndalama za sukulu, za malo ogona, za mabuku ndi za yunifolomu zinkafunika pasanathe miyezi iwiri. Maliro adali atatha kale ndalama zonse zimene tidasunga, ndipo malipiro a mphunzitsi, inu nonse mukudziwa, amafika atatha kale. Tsono ine ndidati: tigulitse mkufu, mwana apite ku sukulu.

Achemwali adandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka adati, "Achimwene, amayi adagona ndi njala m'chaka cha 2002, chimanga chitasowa m'dziko muno, koma mkufu uwu sadaugulitse. Kodi inu mwaona njala yoposa imeneyo?" Ndidasowa choyankha. Malume adatiletsa kukangana pamene dothi la pamanda linali lisadaume, ndipo adandituma kuti ndiyambe ndakafufuza mtengo weniweni wa zinthuzo. "Aphunzitsi," adatero, "kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu sakangana pa mbuzi imene sadaione."

Zimene ndidaphunzira pa ulendo umenewo ndizo ndifuna kugawana nanu, pakuti ambiri a ife timagulitsa mwakhungu. M'sitolo ina ya zokongoletsera mu mzinda wa Lilongwe, mmisiri adatenga galasi lokuzira zinthu n'kundionetsa manambala ang'onoang'ono pa chokowekera cha mkufu: 375. Adandifotokozera kuti golide wosasakaniza ndi wofewa kwambiri, kotero amisiri amamusakaniza ndi mkuwa kapena siliva kuti alimbe. Golide wosasakanizayo amamutcha wa makarati 24. Nambala ya 375 itanthauza makarati 9, ndiko kuti pa magawo 1,000 alionse, magawo 375 okha ndiwo golide. 750 itanthauza makarati 18, ndipo 916 itanthauza makarati 22. Mkufu wathu adauika pa sikelo, n'kulemera magalamu 24. Kotero golide weniweni m'menemo adali magalamu 9 okha. Mphete ija, imene kunyumba tinkaiyesa ya mtengo wapatali, idapezeka kuti ndi ya mkuwa wongokutidwa ndi madzi a golide. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Komabe magalamu 9 si ochepa. Pa msika wa dziko lonse golide amagulitsidwa pa muyeso wa aunzi, imene ili magalamu 31 ndi pang'ono. Nthawi imene agogo ankagula mkufuwo, aunzi imodzi inali pa mtengo woikika wa madola 35 a ku America, mtengo umene dziko la America lidaleka kuutsata mu 1971. Ndiye kuti golide wa mu mkufu wathu adali wa madola 10 okha masiku amenewo. M'mwezi wa Okutobala 2025 aunzi idapitirira madola 4,000, kotero golide yemweyo adafika pa madola oposa 1,100. Pamene kwacha yathu, imene idalowa m'malo mwa paundi mu 1971, yakhala ikuchepa mphamvu, monga mu Novembala 2023 pamene idatsitsidwa ndi magawo 44 pa 100 alionse, kaunyolo kogona m'kachitini kankakula mtengo mwakachetechete. Agogo akadasunga ndalama za mapepala pansi pa mphasa, lero sizikadagula ngakhale mchere.

Wina angati: ngati zili choncho, sungani basi, mtengo udzakwerabe. Koma mbiri itiphunzitsa kusamala. Mu Januwale 1980 golide adafika pa madola 850, ndipo anthu ankayesa kuti sadzatsikanso; pofika 1999 adali atagwa mpaka pansi pa madola 300. Wosunga golide poyembekeza phindu lokha angathe kudikira zaka 20 osaliona. Chinanso, wogula sakupatsani mtengo wa pa msika wa dziko lonse. Iye amachotsapo phindu lake ndi mtengo wosungunulira, ndipo luso la mmisiri amene adapanga chinthucho salilipira konse. Ine ndidayenda m'masitolo atatu ndipo ndidamva mitengo itatu yosiyana. Amene akadalowa m'sitolo yoyamba ndi misozi m'maso akadagulitsa motchipa.

Mphande ndiyo idandiphunzitsa zambiri. Imeneyi ndi kachidutswa kozungulira, koyera, kosemedwa ku tsinde la chigoba cha nkhono ya m'nyanja yamchere, ndipo amalonda akale ankabwera nazo kuchokera ku gombe la kum'mawa. Mu 1854 mfumu Shinde ya Alunda, kudera limene lero lili kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, idaveka David Livingstone mphande m'khosi monga chizindikiro cha ubwenzi, ndipo iye adalemba kuti mphande zisanu zinkagula mnyanga wa njovu, ziwiri zinkagula munthu. Lero mmisiri wa ku Lilongwe uja adaitembenuza kawiri, n'kundibwezera akumwetulira: adalibe mtengo woti anene. Chimene chidali chuma cha mafumu chasanduka chigoba chabe pamaso pa wamalonda. Koma kwa achemwali mphandeyo ikadali chimene idali: umboni wakuti tidachokera kwinakwake.

Za makoza ndiyenera kuchenjeza awerengi momveka. Malonda a minyanga ya njovu pakati pa maiko adaletsedwa ndi pangano la CITES mu 1989. Kuno kwathu, mu Malichi 2016, boma lidatentha matani 2.6 a minyanga ku Mzuzu, ndipo lamulo loteteza nyama zakutchire, monga lidakonzedwera mu 2017, lilola khoti kupereka chilango chofika zaka 30 m'ndende kwa wochita malonda otere. Kunena kuti "ndi za agogo" sikungakupulumutseni mukapezeka mukutsatsa. Amene ali ndi makoza m'nyumba achite bwino kukafunsa ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire za kasungidwe kovomerezeka, ndipo asamvere munthu wobwera usiku ndi ndalama m'thumba.

Ndidabwerera kumudzi ndi mfundo imodzi imene ndikhulupirira kuti ndiyo mutu wa nkhani yonseyi. Chinthu cha makolo chili ndi mitengo iwiri: wina umayesedwa pa sikelo, wina umadziwika ndi mbumba yokha. Ndipo amene wachigwira m'manja si mwini wake, koma msungi chabe. Agogo aakazi adasungira amayi, amayi adasungira ana awo aakazi, ndipo ana amene sadabadwe nawonso ali ndi gawo lawo. Ine ndidalakwa poyesa kuti, popeza ndine wophunzira ndiponso wolandira malipiro, mawu anga ndiwo omaliza. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 liletsa kulanda chuma cha womwalira, ndipo ambiri timaganiza kuti wolanda ndi mlamu wankhanza wobwera ndi galimoto kudzanyamula mipando. Komatu mwana wa m'nyumba momwemo amene agulitsa mphete ya mayi ake mobisa, abale ake osadziwa, walandanso, ngakhale cholinga chake chikhale chabwino.

Komanso achemwali adali ndi mbali imene sadaione. Kusunga si kupembedza. Agogo sadatsike mu mgodi chifukwa chokonda golide. Adatsika kuti ana awo akhale ndi moyo woposa wawo. Mkufu wogona mu mdima pamene mdzukulu wawo akutaya malo ake ku sukulu sukadawasangalatsa. Funso loyenera si lakuti kugulitsa n'kwabwino kapena n'koipa ayi, koma lakuti: kodi chimene tikugula chidzakhalitsa kuposa chimene tikutaya? Kugulitsa mkufu wa agogo kuti ugule foni, kuti uchititse ukwati wa dzaoneni, kapena kuti ubweze ngongole ya mowa, ndi kusinthanitsa munda ndi mtolo wa nkhuni. Koma maphunziro, munda, kapena mankhwala opulumutsa moyo, zimenezo zingathe kuima pa sikelo imodzi ndi chuma cha makolo.

Ena adatilangiza kuti tikaike mkufuwo pa pinyolo kwa wokongoza ndalama. Malume adakana, ndipo adachita bwino. Katapila ndi njira yogulitsira chinthu pa theka la mtengo wake uku ukudzinamiza kuti sudagulitse. Mwezi ukatha chiwongoladzanja chakwera, ndipo chikole chapita.

Tidakhala pansi kachiwiri, mutu umodzi susenza denga, ndipo nzeru idachokera kumene sitinkayembekezera. Amayi aang'ono, amene adakhala chete masiku onsewo, adati mwana wawo wamkazi, amene amachita malonda ku Blantyre, angathe kugula mkufuwo pa mtengo wapamwamba mwa itatu ija. Tidalemba pangano pamaso pa malume ndi a mfumu: mkufu usatuluke mu mbumba, ndipo mlongo wanga akadzayamba ntchito ali ndi ufulu wouwombola pa mtengo wa golide wa tsiku limenelo. Mphande, mikanda ndi mphete ya mkuwa ija zidapita kwa achemwali. Za makoza adandituma kuti ndikafunse ku boma.

Ndisakunamizeni kuti zonse zidatha mokoma. Ndalamazo zidakwanira chaka choyamba chokha. Za zaka zotsatira tidzazifuna m'malipiro anga ndi m'munda wa soya. Tsiku lopereka mkufu achemwali adalira ngati maliro ayambanso, ndipo mpaka lero nkhaniyi sitiitchula tikamadya. Si banja lililonse lili ndi mbale wokhoza kugula, ndipo ena adzakakamizika kugulitsa kwa alendo. Kwa otere ndinena izi: musagulitse m'masiku a misozi; musagulitse nokha; yesani chinthucho pa sikelo m'malo angapo musadamve mtengo wa munthu mmodzi; ndipo musadachipereke, chijambuleni ndi kulemba nkhani yake m'kabuku, pakuti golide angathe kusungunulidwa koma nkhani yolembedwa idzafika kwa adzukulu. Inunso makolo amene mukadali moyo, nenani lero amene adzatenge chiyani, ndipo lembani. Mikangano yambiri ya pa maliro imabadwa ndi kukhala chete kwa malemu.

Tsiku limene mlongo wanga ankakwera basi kupita ku sukulu, achemwali adatulutsa mikanda yoyera ija m'kachitini, n'kumuveka m'khosi. Sadalankhule zambiri. Adangoti, "Mng'ono wanga, akulu adati sunga khosi, mkanda woyera udzavala. Pita ukaphunzire, udzatiwombolere mkufu wa amayi."