Galimoto yoyamba: ndalama zisathere pa makiyi

Loweruka m'mawa, ku Lilongwe, m'mbali mwa misewu ya ku Old Town mpaka kukafika ku Biwi, galimoto zogulitsa zimakhala zitafola, zotsukidwa mpaka kunyezimira. Pali Toyota Vitz, Passo, Mazda Demio, Nissan Note, Honda Fit ndi ka Daihatsu Mira, zina zikadali ndi nambala ya IT imene zinabwera nayo kuchokera ku Dar es Salaam. Ambiri mwa ozungulira pamenepo ndi anyamata ndi atsikana amene angoyamba kumene ntchito ku City Centre kapena ku Capital Hill, otopa ndi kulumikiza maminibasi awiri m'mawa uliwonse, laisensi yawo isanathe n'chaka chomwe. Vuto lawo limafanana. Ndalama zonse zimene asonkhanitsa, kaya ndi za ku banki m'khonde kaya ngongole ya kuntchito, amaziwerengera galimoto yokha. Za inshuwalansi, za mapepala ndi za kwa makaniko amati adzaziona kutsogolo.

Galimoto zimenezi zambiri ndi zochokera ku Japan, kumene lamulo limakakamiza kuyezetsa galimoto ikatha zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, pa mtengo wokwera moti eni ake ambiri amangoigulitsa. Makampani ngati Be Forward ndi SBT amazikweza sitima mpaka ku Dar es Salaam, n'kudzalowera pa chipata cha Songwe ku Karonga. Mtengo umene umaoneka pa intaneti umakopa, koma ndi chiyambi chabe: pamabwera za sitima, za dalaivala woitenga kudoko, za wothandiza kuombola katundu, ndiye msonkho wa MRA, umene umakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi ukalamba wa galimotoyo. Chigwereni kwacha ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, kuphatikizapo kusowa kwa madola m'mabanki, achinyamata ambiri asiya zoitanitsa. Akugula galimoto imene yayenda kale m'misewu ya kuno.

Yotchipa pogula si yotchipa poyendetsa nthawi zonse. Mira ili ndi injini ya 660cc, imamwa petulo pang'ono, ndipo kwa munthu wongoyenda pakati pa Area 47 ndi City Centre, amene anagonapo pa mzere wa mafuta, imeneyo si nkhani yaing'ono. Koma ikanyamula anthu anayi ndi thumba la chimanga pa zitunda za ku Dedza imalira. Vitz kapena Demio ya 1300cc ili pakatikati, ndipo kwa woyamba kumene ndi imene ili ndi nzeru. Pansi pake payeneranso kuyang'anidwa. Phula la ku Area 10 ndi Area 43 silifika pakhomo pa aliyense, ndipo kagalimoto kotsika kamakhula pa hampu iliyonse ndi m'makwalala okumbika ndi mvula. Funso lina limayankhidwa ku Biwi konko: shoko, nyali kapena giyabokosi ya mtundu umenewu ikupezeka pa shelefu, kapena mpaka aitanitse kunja? Toyota imapambana pamenepa.

Wogulitsa aliyense amati galimoto yake ndi ya mayi wina amene ankangopitira kutchalitchi. Makaniko wodalirika, wobwera ndi wogula osati wopezeka pamalopo, samvera zimenezo. Amafuna kuilizitsa injini itazizira, chifukwa yotenthetsa kale imabisa matenda. Amatsegula chotsekera oyilo, ndipo akaona zoyererako ngati chambiko amadziwa kuti madzi akusakanikirana ndi oyilo. Amayerekeza makilomita a pa dashibodi ndi mmene chiwongolero ndi chopondera mabuleki zaperesekera, poti manambalawo anthu amabweza. Pa tayala amawerenga manambala anayi a m'mbali: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Galimoto zina zimafika ndi matayala a m'chipale chofewa cha ku Japan, amene pa phula lotentha la mu October sachedwa kutha.

Mapepala safuna chibale. Nambala ya chasisi ifanane ndi ya mu blue book, dzina la mu blue book likhale la amene akulandira ndalama, COF ikhale yamoyo, ndipo kusintha umwini ku Road Traffic kuchitike nthawi yomweyo, onse awiri alipo, osati kudzera mwa madobadoba a pageti. Galimoto imene yadutsa m'manja atatu dzina likadali la mwini woyamba imadzavuta tsiku la ngozi.

Tsiku limenelo ndi limene achinyamata ambiri saliganizira. Lamulo la pamsewu la 1997 limaletsa kuyendetsa galimoto yopanda inshuwalansi ya third party, choncho ambiri amagula yotchipitsitsa, kumata kapepala pagalasi kuti adutse pa rodibuloko, nkhani yatha. N'zomvetsa chisoni kuti ena amazindikira ngozi itachitika kale kuti third party silipira ngakhale tambala pa galimoto yawo. Imalipira munthu wina: woyenda pansi amene wagundidwa pa Malangalanga, wakabaza amene wagwetsedwa, galimoto ya mwini imene yaphwanyidwa. Ndipo ili ndi malire. Mnyamata wa Passo akagunda Land Cruiser ya bungwe pa raundabauti ya ku City Centre, kampani imalipira kufika pa malire olembedwa mu polise, zotsalazo amazisenza yekha. Malirewo amatheka kuwakweza powonjezera ndalama, ndipo mu mzinda wodzaza galimoto za akazembe ndi mabungwe ngati Lilongwe, imeneyi ndi ndalama yogwira ntchito.

Comprehensive imateteza galimoto ya mwini wake yomwe, pa ngozi, pa moto ndi pa kubedwa. Mtengo wake amawerengera pa mtengo wa galimotoyo, ndipo wogula pa ngongole ya ku banki sangaithawe. Kwa wachinyamata muli zinthu ziwiri zofunika kuzifunsa asanasaine. Choyamba ndi excess, gawo limene mwini amalipira yekha pa ngozi iliyonse. Makampani ambiri amaliwonjezera ngati woyendetsa sanafike zaka 25 kapena laisensi yake ndi yatsopano. N'chifukwa chake makolo ena a ku Area 12 kapena Area 9 amalembetsa galimoto ya mwana m'dzina lawo osatchula kuti woyendetsa tsiku ndi tsiku ndi mwanayo. Kubisa kotere kumapatsa kampani chifukwa chokanira kulipira.

Chachiwiri ndi mtengo umene galimoto yalembetsedwa, ndipo apa kugwa kwa kwacha kwapweteka anthu mwakachetechete. Tiyerekeze Vitz inalembetsedwa pa K8 miliyoni, ndipo chaka ndi chaka mwini amangokonzanso polise osasintha nambalayo, pamene pamsika yafika K16 miliyoni. Ikabedwa, sangalandire zoposa K8 miliyoni, ndalama yosakwana kugula inzake. Ikangophwanyika bampala ndi nyali, polise zina zili ndi ndime yoti kampani ilipire theka la zokonzetsera, poti nayenso anateteza theka la mtengo. Kuyezetsa mtengo wa galimoto chaka chilichonse kumakweza zolipira, koma popanda kutero comprehensive imangotsala dzina.

Palinso msampha wa matola. Mwezi ukatalika, wachinyamata amayamba kunyamula matola popita ku Area 25, kapena kupereka galimoto kwa mnzake kuti aziyendetsa ngati takisi. Inshuwalansi ya galimoto ya pakhomo siteteza okwera olipira. Ntchito imeneyo imafuna polise ya bizinesi ndi nambala yofiira. Chimodzimodzi ulendo wa ku Chipata kudzera pa Mchinji umafuna Yellow Card ya COMESA, pamene wolowa ku Mozambique, dziko limene silili mu COMESA, amagula inshuwalansi ina pachipata.

Makampani alipo angapo mu mzindawu, monga NICO General, General Alliance, Britam, Reunion, Prime ndi United General, ndipo kufunsa mitengo kwa atatu musanathe sabata si chinthu chovuta. Wofunsa asalekere pa mtengo: afunse malire a third party, kukula kwa excess, magalaja amene kampaniyo imagwira nawo ntchito, ndi kuchotsera kumene amapereka chaka chikatha popanda ngozi. Ndalama ilipiridwe ku ofesi ya kampani kapena kwa broker wovomerezeka, risiti ituluke, chifukwa timapepala tabodza tilipo.

Ngozi ikachitika, kampani imafuna lipoti la apolisi, laisensi ya amene amayendetsa, ndi kudziwitsidwa msanga galimoto isanakhudzidwe ndi makaniko. Zogwirizana za pamsewu, zoti "tingothana pompano bwana", zimatha kuluzitsa zonse. Ndipo ngati kampani ikuzengereza kapena yakana popanda chifukwa chomveka, dandaulo limapita kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, ku City Centre komweko, amene amayang'anira makampani onse a inshuwalansi m'dziko muno.