ERIYO YA WAILESI IMAFUNA MBALI ZIWIRI

Asodzi anzathu, m'nyengo ya Mwera, makamaka kuyambira May mpaka August, wailesi ndiyo imatipatsa chenjezo la azanyengo tisanalowe m'madzi. Koma wailesi ikamangochita phokoso, ambiri timathamangira kugula mabatire pamene vuto lili pa eriyo.

Eriyo iliyonse imagwira ntchito ndi mbali ziwiri. Tiyeni tione mitundu yake.

Eriyo ya manja awiri

Akatswiri amaitchula dipole. Ili ndi mawaya awiri ofanana kutalika, wina kuloza uku wina uko, ndipo chingwe chopita ku wailesi chimalumikizidwa pakati. Mbali zonse ziwiri zilipo kale, choncho sifuna chitsulo pansi pake. Pa FM, waya aliyense akhale masentimita 75 kapena kucheperako pang'ono.

Eriyo ya ndodo imodzi

Iyi ndi monopole, monga ija timaiona pa galimoto. Ndodoyo ndi theka chabe. Theka linalo imabwereka ku chitsulo chimene yaimapo, chimene amachitcha ground plane. Chitsulocho chimachita ngati kalilole: ndodo imodzi imakhala ngati ziwiri. Pa galimoto, denga ndilo limagwira ntchitoyi. Pa sitima ya Ilala, chitsulo cha sitimayo n'chokwanira. Koma bwato, boti la matabwa kapena la fayiba zilibe chitsulo chotere. Tikangoikamo eriyo ya galimoto, mawu amafooka ndipo uthenga sufika patali.

Tichite chiyani?

1. Pogula eriyo ya m'boti, tifunse imene siifuna ground plane.
2. Ngati tili nayo kale ya ndodo imodzi, tiiimike pakati pa lata lotambalala, kapena timange mawaya anayi patsinde pake, oloza mbali zonse. Waya aliyense atalike ngati ndodoyo: masentimita 75 pa FM, pafupifupi 48 pa mawailesi olankhulirana a pamadzi a VHF. Mawayawa alumikizidwe ku waya wolukana wakunja kwa chingwe, asakhudze ndodo.
3. Eriyo ya VHF iime chilili, pamalo okwera.
4. Tichotse dzimbiri polumikizira.
5. Tisaimike eriyo pafupi ndi mawaya a magetsi, ndipo tisaigwire kukamachita ziphaliwali.

A komiti ya padoko, onetsetsani kuti pali wailesi imodzi yomveka bwino, ndipo chenjezo lifike kwa aliyense maboti asananyamuke. Nsomba tidzazipeza mawa, koma moyo sagula.